Zimene Zimabweza Wosiya Fodya kwa Nyachikadza

Pakati pa anthu osuta fodya m'dera la Mfumu Nyachikadza, m'boma la Nsanje, alipo ambiri amene anayesapo kusiya. Ena anasiya atadwala chifuwa, ena atauzidwa ku chipatala kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, enanso atangoona kuti ndalama ya nsomba ikuthera mu utsi. Posiyapo sanali kunama ayi. Munthu amatuluka m'chipinda cha dokotala atatsimikiza mtima, ndipo mwina fodya wotsala m'thumba amamtaya m'madzi pamene bwato likuwoloka Shire. Koma pakapita masiku oŵerengeka amaonekanso ali ndi ndudu pakamwa. Apo abale ake amapukusa mitu nanena kuti munthuyo ndi wofooka mtima, ndipo iye mwini amakhulupirira zomwezo, naleka kuyesanso.

Chiŵeruzo chimenechi nchosalungama, ndiponso chimaononga. Kubwerera ku fodya sikugwa mwadzidzidzi monga mphenzi. Kuli ndi nthaŵi zake ndi malo ake, ndipo zonsezo nzodziŵika. Anthu a kwa Nyachikadza amadziŵa kumene madzi amayambira kuloŵa Shire akadzaza, ndipo sadikira kuti afike pakhonde asanakweze mbewu ndi ziŵiya pansanja. Akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa. Chibaba cha fodya nachonso chili ndi makwaŵa ake, ndipo wosiya fodya amene sanawazindikire amagwa ngakhale ali ndi mtima wolimba chotani.

Khwaŵa loyamba lili m'thupi momwemo. Mu fodya muli mankhwala otchedwa nikotini, amene ambiri amawatcha chikonga. Munthu akakoka utsi, nikotini amaloŵa m'magazi kudzera m'mapapo nafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Koma sakhalitsa. Pakatha maola aŵiri, theka lake limakhala litachoka m'magazi, ndipo nchifukwa chake wosuta amafuna ndudu ina posachedwa. Ubongo umene walandira nikotini tsiku ndi tsiku kwa zaka 10 kapena 20 umasokonezeka ukamanidwa. Munthu amapsa mtima msanga, amasoŵa tulo, maganizo sakhazikika, ndipo njala imachuluka. Zimenezi zimayamba tsiku loyamba lomwelo, zimakula kwambiri pa tsiku lachiŵiri ndi lachitatu, ndipo kwa ambiri zimachepa pakatha masabata aŵiri mpaka anayi. Sizipha munthu, koma nzosautsa ndithu, makamaka kwa amene anazoloŵera kuyatsa fodya akangodzuka, asanasambe nkumaso komwe. Munthu wotere thupi lake lagwidwa kwambiri kuposa la amene amayamba kusuta masana, ndipo ayenera kukonzekera nkhondo yaikulu.

Mu 2004, katswiri wa ku America, John Hughes, pamodzi ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza zokhudza anthu amene anasiya fodya paokha, popanda mankhwala kapena uphungu. Anapeza kuti ambiri mwa obwerera ku fodya amabwerera m'masiku 8 oyambirira, ndi kuti mwa anthu 100 oyesa kusiya motero, atatu mpaka asanu okha ndiwo amakhala osasuta kwa miyezi 6 mpaka 12. Chiŵerengero chimenechi sichitanthauza kuti kusiya nkosatheka, pakuti anthu ambiri amene lero sasuta anayamba agwa kangapo. Chimene chikuonetsa ndicho pamene pali nkhondo yeniyeni: sabata yoyamba.

Tsono apa ndi pamene pali vuto la kwa Nyachikadza. Dera limeneli lili m'madambo a Ndindi, pakati pa madzi a Shire, kufupi ndi malire a Mozambique. Wofuna chipatala cha ku Ndamera kapena chipatala chachikulu cha pa boma la Nsanje ayenera kupeza bwato, kulipira, ndi kutaya tsiku lonse. Wodwala akauzidwa kuti asiye fodya ndipo adzabwerenso mwezi wa maŵa, ndiye kuti masiku 8 oopsa aja adzawakhala kutali ndi aliyense wovala yunifolomu yoyera. Akamadzabwerera ku chipatala, nkhani ya fodya imakhala itatha kale. Chifukwa cha ichi, m'dera lotere kusiya fodya sikungakhale pangano la wodwala ndi dokotala okha. Amene ali naye pafupi pa tsiku lachitatu ndi mkazi wake, mnzake wa m'bwato, ndi oyandikana naye nyumba, ndipo ameneŵa ndiwo angamgwirize kapena kumgwetsa.

Womgwetsa kaŵirikaŵiri si mdani. Ndi bwenzi lokoma mtima. Kugaŵana fodya ndi mwambo wakale, ndipo womana mnzake fodya amatchedwa waumbombo. Asodzi aŵiri akakhala m'bwato usiku wonse, mphepo ikuzizira, udzudzu ukulira m'makutu, ndudu imodzi imayenda kuchoka kutsogolo kwa bwato kufika kumbuyo popanda woipempha. Wosiya fodya sangachoke pamenepo kupita kwina, chifukwa mbali zonse kuli madzi. Fungo likumfika m'mphuno, mnzake akutambasula dzanja nanena kuti, "Achimwene, kokaniko pang'ono, kamodzi kokha sikapha munthu." Mawuwo amanenedwa mwachikondi, koma wowanenayo sadziŵa kuti kukoka kamodziko ndiko kumabweza anthu ambiri. Ofufuza aona mobwerezabwereza kuti mwa anthu amene alaŵa ndudu imodzi atasiya, ochuluka amabwerera ku kusuta kwa tsiku ndi tsiku. Ubongo sunaiŵale, unali kungodikira.

Asodzi ena amati utsi wa fodya umathamangitsa udzudzu. Komatu osuta nawonso amadwala malungo monga wina aliyense, ndipo chotchinjiriza chenicheni ndicho zovala zophimba manja ndi miyendo pa madzi, ndi neti kunyumba.

Nkoyenera kunena mosabisa kuti wopatsa ndudu munthu amene akuyesa kusiya ali ndi mlandu. Palibe amene angapatse mowa mnzake womwa mankhwala a chifuwa chachikulu nkumadzitcha wowoloŵa manja. Fodya ayenera kuonedwa chimodzimodzi. Koma wosiyayo nayenso ali ndi udindo wake, ndiwo wolengeza. Ambiri amasiya mwakachetechete poopa kuti akagwa anthu adzawaseka, ndipo potero amadzimana chithandizo cha anthu okhawo amene akanawathandiza. Mnzake wa m'bwato sangaleke kumpatsa fodya ngati sanauzidwe. Mwini bwato kapena mwini ukonde atanena kuti pa ulendo uno m'bwato musayatsidwe fodya, mawu ake angachite zambiri kuposa chithunzi cha mapapo owola chopachikidwa pakhoma la chipatala.

Kuti anthu amasiya fodya m'magulu kunaoneka bwino mu 2008, pamene Nicholas Christakis ndi James Fowler anafalitsa zimene anapeza poona moyo wa anthu oposa 12,000 a m'kafukufuku wa ku Framingham, ku America, kwa zaka 32. Mwamuna kapena mkazi akasiya, mpata woti mnzake wa m'banja akhalebe wosuta unali kutsika ndi magawo aŵiri mwa atatu. Bwenzi likasiya, unali kutsika ndi gawo limodzi mwa atatu. Ngati zili choncho m'tauni ya ku America, nanga bwanji m'mudzi umene anthu amadyera mbale imodzi ndi kupalasa bwato limodzi? Pakhomo pamene mwamuna wasiya koma mlamu wake wogona m'nyumba yomweyo akusiya fodya ndi machesi pawindo, kusiyako kuli pa ngozi usiku uliwonse.

Mowa ndi khwaŵa lina, ndipo za ilo sipafunika mawu ambiri. Kachasu ndi masese zimafooketsa chiganizo chimene munthu anapanga ali bwinobwino, ndiponso pamowa ndi pamene osuta amachuluka. Dzanja limene kwa zaka zambiri linazoloŵera chikho uku ndudu uku limafuna zonse ziŵiri pamodzi. Wosiya fodya amene akufuna kupambana atalikire pamowa kwa mwezi woyamba wathunthu. Amene akuona kuti zimenezo nzosatheka waphunzirapo kanthu kena kokhudza mowa, ndipo nako akakanene ku chipatala.

Maliro ndiwo ovuta koposa, chifukwa pamowa munthu angaleke kupitapo koma pamaliro sangaleke. Amuna amachezera panja usiku wonse mozungulira moto, mitima ili yachisoni, tulo tikuvuta, fodya akuyenda dzanja ndi dzanja. Zonse zimene zimagwetsa wosiya fodya zimakumana pamalo amodzi. Amene wasiya posachedwa achite bwino kupita kumaliro ataganiza kale za pokhala. Akhale pakati pa osasuta, kapena pafupi ndi oimba nyimbo, ndipo manja ake awapatse ntchito: kutema nkhuni, kusonkhezera moto, kuthandiza adzukulu m'maŵa. M'thumba mukhale chimanga chokazinga, mtedza kapena kachidutswa ka nzimbe. Zimenezi zingaoneke zachibwana, koma chibaba sichikhala usiku wonse ndi mphamvu imodzimodzi. Chimabwera, chimakula, ndipo pakapita mphindi zoŵerengeka chimatsika, kaya munthu wasuta kaya sanasute. Chofunika ndicho kukhala ndi chochita pa mphindi zimenezo.

Palinso nkhaŵa, imene kwa Nyachikadza ili ndi nyengo yake. Chigwa cha Shire chinamizidwa ndi madzi mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 pa nthaŵi ya namondwe Idai, mu Januwale 2022 pa nthaŵi ya Ana, ndiponso mu Malichi 2023 pa nthaŵi ya Freddy. Madzi akabwera motero, mabanja amathaŵira kumtunda nakakhala m'misasa, m'masukulu ndi m'matchalitchi. Bambo amene anasiya fodya miyezi isanu yapitayo amapezeka wakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, munda wamira, mbuzi zapita, ntchito palibe, ndipo pambali pake pali amuna ena akusuta. Nkosadabwitsa kuti amatambasula dzanja. Mu 1982, Saul Shiffman anafufuza nkhani za anthu 183 osiya fodya amene anaimba lamya kupempha chithandizo atagwa kapena atatsala pang'ono kugwa, ndipo anapeza kuti ambiri anali okwiya, a nkhaŵa kapena achisoni pa nthaŵiyo. Mkangano wa m'banja, ngongole, mwana wodwala, zonsezi ndi njira imodzi yomweyo.

Osuta amati fodya amakhazika mtima pansi. Chimene chimachitika kwenikweni nchakuti nikotini akachepa m'magazi mtima umasokonezeka, ndipo ndudu imathetsa kusokonezeka kumene ndudu yapitayo inayambitsa. Munda womira sumauma chifukwa munthu wasuta. Komabe nkosathandiza kuuza munthu wotaya zonse kuti angolimba mtima. Alangizi a zaumoyo amene amayendera misasa pa nkhani za kolera, madzi akumwa ndi katemera angawonjezere funso limodzi lalifupi, lakuti kodi alipo pano amene anasiya fodya. Opezekawo akadziŵana, amakhala ndi pokhala pawo pamene utsi sufika.

Njala nayonso imakoka anthu kubwerera. Nikotini amachepetsa chilakolako cha chakudya, ndipo m'miyezi yoti banja likudya nyika zokumba m'dambo, wosuta wakale amakumbukira kuti ndudu inali kumgoneka ndi mimba yopanda kanthu. Nzoona kuti inali kutero. Koma inali kungobisa njala, thupi likunka liwonda, ndipo ndalama yogulira ndudu zisanu patsiku ikasonkhanitsidwa kwa sabata imagula ufa.

Chodabwitsa nchakuti kuchira nakonso kumagwetsa anthu. Wodwala chifuwa chachikulu amasiya fodya mosavuta m'masabata oyamba, chifukwa mpweya ukumvuta ndipo akuopa imfa. Mankhwala a matendaŵa amamwedwa kwa miyezi 6, koma pakatha miyezi iŵiri ambiri amamva bwino, thupi limabwerera, mantha amatha. Pamenepo maganizo amabwera akuti fodya anali woletsedwa chifukwa cha matenda, ndipo matenda atha. Uku nkudzinyenga koopsa. Kusuta kumawonjezera mpata wodwala chifuwa chachikulu, kumachedwetsa kuchira, ndiponso kumawonjezera mpata woti matendawo abwerenso mankhwala atatha. Amene ali ndi kachilombo ka HIV, omwe chifuwa chachikulu chimawagwira msanga, ayenera kusamala koposa. Chimodzimodzinso wogonekedwa m'chipatala cha Nsanje kwa masabata aŵiri osasuta: iye wadutsa kale masiku ovuta koposa, ndipo nzachisoni kuti ambiri amataya phindu limeneli pa okala yoyamba imene apeza akatuluka pa geti. Mayi amene anasiya fodya ali woyembekezera nayenso amakhala pa ngozi mwana akabadwa, ngati anasiyira mimbayo yokha. Utsi umavulaza khanda lili pamsana monga momwe unali kulivulazira lili m'mimba, ndipo izi zikukhudzanso bambo wosuta m'nyumba.

Ena amabwerera chifukwa chosamvetsa zimene thupi likuchita. Munthu akasiya fodya, chifuwa chingachuluke kwa masabata angapo. M'njira za mpweya muli titsitsi ting'onoting'ono timene timasesa zonyansa, ndipo utsi umatifooketsa. Utsi ukaleka, timayambanso ntchito, ndipo makhololo amatuluka ochuluka. Wosadziŵa amati, "Pamene ndinali kusuta sindinali kutsokomola chonchi," nayatsanso fodya. Akanauzidwa pachiyambi sakanadabwa. Koma chifuwa chopitirira masabata aŵiri, makamaka chotuluka magazi, kapena chobwera pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, sichiyenera kuyesedwa kuchira kwa mapapo. Chimenecho chimafuna kukayezetsa makhololo.

Palinso njira ya pakati imene ambiri amaiyesa nzeru, yosiya ndudu za m'sitolo nkuyamba chingambwe, kapena kusiya utsi nkuyamba fodya wa mphuno ndi woika pansi pa mlomo. Amati uyu ndi wa kumunda, alibe mankhwala a Azungu. Nikotini ali m'tsamba lenilenilo. Wopitiriza kumlandira m'njira ina sanasiye kanthu, chibaba chake chili chamoyo, ndipo tsiku limene fodya woperayo adzasoŵa adzapempha ndudu. Fodya woika m'kamwa ali ndi ngozi zakenso, pakati pake khansa ya m'kamwa.

Kugula ndudu imodziimodzi nako kumafeŵetsa kugwa. Munthu amene wasiya angachite manyazi kugula paketi, koma imodzi yokha, pa tsiku limene wagulitsa mlamba ndi mbatata ku msika ndipo m'thumba muli ndalama, imaoneka ngati si kanthu. Pangano la maiko loletsa kufala kwa fodya, limene linakonzedwa ndi bungwe la World Health Organization ndipo dziko la Malaŵi linaloŵamo mu 2023, limalimbikitsa maiko kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi, ndiponso kuthandiza anthu ofuna kusiya. Malamulo amatenga nthaŵi kuti afike kutsidya kwa Shire. Pakali pano wosiya fodya angadzipangire lamulo lake: pa tsiku la msika asapite yekha, ndipo ndalama aisungitse kwa mkazi wake kapena kwa mbale wodalirika asanadutse pa okala.

Nanga amene wagwa kale? Apa ndi pamene abale amalakwa kwambiri. Munthu akalaŵa ndudu imodzi atasiya kwa masabata atatu, manyazi amamgwira, ndipo akamva mawu akuti "tinadziŵa kale kuti simungathe" amaona kuti palibenso choteteza, nagula paketi yonse. Ndudu imodzi ndi ngozi yaikulu, koma sikuti zonse zatha. Bwato likaloŵa madzi pang'ono, mwini wake amakapa, saliboola dala. Wogwayo ataye fodya wotsala tsiku lomwelo, asadikire Lolemba kapena chaka chatsopano, auze munthu mmodzi womkhulupirira, ndipo afunse mofatsa kuti chinamgwetsa nchiyani: anali kuti, anali ndi yani, anali atamwa kodi, anali atakangana ndi wina kodi. Yankho lake ndilo khwaŵa lake, ndipo ulendo wotsatira adzalidziŵa lisanadzaze. Mkazi kapena mwamuna wake akumbukire kuti ukali wa sabata yoyamba ndi wa thupi lomanidwa nikotini, ndipo nkhani zovuta za m'banja zingathe kudikira masiku oŵerengeka.

Kwa ogwira ntchito za umoyo, phunziro la kuipa kwa fodya lafika kale m'makutu a anthu. Wosuta aliyense wa kwa Nyachikadza anamvapo kuti fodya amaononga mapapo ndi mtima. Chimene sanafunsidwe ndicho chakuti amayatsa nthaŵi yanji ndudu yoyamba, amasuta ndi yani, anasiyapo kale kwa masiku angati, ndipo chinambweza nchiyani. Mafunso ameneŵa satenga mphindi zisanu. Mankhwala othandiza kuchepetsa chibaba alipo padziko, ndipo mu 2024 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka akuluakulu osiya fodya, onena kuti mankhwala ndi uphungu zikaphatikizana zimathandiza kwambiri. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa ku chipatala chithandizo chimene chingapezeke. Koma ngakhale kumene kulibe mankhwalawo, tsiku losiyira lingalembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo, pamodzi ndi dzina la munthu wa pakhomo amene adzamuyang'anira. Mlangizi wa zaumoyo, kapena wa m'komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, akapatsidwa tsikulo angamuyendere kapena kumuimbira lamya pa tsiku lachitatu ndi pa tsiku lachisanu ndi chiŵiri, mmalo modikira kuti wodwalayo awoloke yekha Shire mwezi utatha.